Mkuyu Umene Lenia Ankaukumbukira

Ku Chisepo Lenia ankadziwika ndi manja. Ikafika nyengo yosoka fodya, anthu ankachita kumulimbirana, chifukwa iye akakhala pansi m'chigafa, miyendo atawongola, masamba ankangolowa m'chingwe ngati akudziwa okha njira. Ankasoka maso ali kwina, pakamwa pakucheza. Koma mukamufunsa kwawo, machezawo ankathera pomwepo. "Ku Ntchisi, kumapiri," ankatero. Mukati mudzi wanji, mfumu yake ndani, iye ankayamba kukuuzani za mtengo.

Si kuti ankabisa kanthu ayi. Lenia anafika pa esiteti ina ya fodya cha ku Bowe ali ndi zaka ngati zitatu, pamodzi ndi mayi ake amene anabwera kudzapempha ganyu yopalira dzinja lili pakati. Mayiwo anafika akutsokomola, ndipo sabata ziwiri sizinathe. Anawaika kumapeto kwa munda, kumene ankaika anthu opanda kwawo. Dzina lawo palibe analigwira. Chimene matenanti anatola n'chakuti anachokera kumapiri a ku Ntchisi, basi. Mwanayo anamutenga ndi Anjelina, mkazi wa tenanti wina wa ku Mulanje, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, amene anali atakhala m'banja zaka zambiri popanda mwana. Anthu ankangoti nayenso ngwa kummwera ngati mwamuna wake, ndipo mwini wakeyo sankatsutsa. Anamulera Lenia mpaka kutha msinkhu, namuphunzitsa kusoka fodya, kenaka anamwalira, nakagona kumapeto kwa munda komwe kuja.

Choncho katundu yense amene Lenia anachoka naye kwawo anali m'mutu, ndipo anali mmodzi yekha. Ankadziona ali kumsana, akutsika phiri. Kutsogolo kunali mwala waukulu ngati nyumba, wong'ambika pakati, ndipo mu mng'alumo munamera mkuyu. Pansi pa mkuyuwo panali thanthwe la maenje, ndipo amayi ankasinja m'maenjemo, osati mumtondo. Nkhuyu zinali mbwee pansi. Amene anali naye kumsanayo anaponda nkhuyu yowola, naterereka, ndipo chibwano cha mwana chinakagunda pa thanthwe. Magazi. Amayi osinja aja kukuwa, wina kuthyola tsamba la mkuyu n'kudontheza utomoni woyera pabalapo. Zikafika apo, chithunzicho chinkatha. Nkhope ya munthuyo sankaiona, pakuti wa kumsana saona nkhope. Koma ankadziwa kuti anali mayi ake, ndipo kawirikawiri ankadzisisita pachibwano kufuna chipsera. Sankachipeza. Ankati chinafufutika ndi kukula.

Mnyamata wina, Isake, anamupeza Lenia pa esiteti pomwepo, atabwera kudzayesa utenanti. Ukwati umafuna ankhoswe, ndiye kumbali ya Lenia kunaimirira kapitawo wa pa esitetiyo, munthu wa ku Zomba, amene anavomera chifukwa cha chisoni ndiponso chifukwa anamva kuti kuphedwa nkhuku. Isake anamutenga chitengwa, kupita naye kwawo ku Chisepo, pakuti mwamuna sangakalowe chikamwini kwa mkazi wopanda mudzi. Anakhala zaka khumi ndi zinayi. Ana anabadwa asanu, otsala awiri, Tadala ndi Rejoice, onse aakazi. Polembetsa mavoti a matipate, kalaliki atafunsa mudzi, Lenia anatchula wa mwamuna wake. Za chaka chobadwa, kalalikiyo anangomuyang'ana kumaso n'kulemba zimene anaona.

Isake anamwalira mu Malichi, chaka chotsatira chisankho chija, fodya ali m'chigafa. Inali nyengo imene alimi a m'midzi anali atangololedwa kulima fodya wa bale, amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha, ndipo aliyense ankayang'ana munda wa mnzake ndi maso a njala. Munda umene Isake ankalima unali wa dothi labwino, m'mphepete mwa dambo. Reinford, mkulu wake wa Isake, anauyang'ana miyezi isanu ndi umodzi. Kutatentha, anthu atayamba kusosa, anabwera n'kukhala pakhonde, chipewa ataika pabondo. Sanali munthu wolalata Reinford. Mawu ake anali ozizira ngati madzi a mumtsuko.

"Alamu, ife sitikufuna kukumangirirani," anatero. "Mukadali ndi mphamvu. Loweruka lomaliza la mwezi wamawa tikusudzulani mwamwambo, mukhale mfulu. Muwauze akwanu abwere adzakulandireni."

"Akwathu ake ati, alamu? Inu mbiri yanga simukuidziwa?"

"Munthu sagwa kumwamba ngati matalala. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Anawa ndi anu, sitikulandani, mwana ngwa kuchikazi. Koma munda ndi malo ano n'za amayi athu, zibwerere ku mbumba."

Chimene chinkapweteka n'chakuti munthuyo sananame ngakhale pamodzi. Mwambo wosudzula ndi wabwino ndithu. Akuchimuna amaitana abale a mkazi wamasiye, n'kumupereka m'manja mwawo anthu akuona, kuti abwerere kwawo akalime pa nthaka ya amayi ake. Koma amene anaukonza mwambowo ankaganiza kuti munthu aliyense ali ndi atsibweni. Za mwana wotoledwa pa esiteti sanaganizeko. Loweruka limenelo, abale abwere kaya asabwere, Lenia ndi ana ake awiri anayenera kutuluka, mvula ili pafupi, opanda pogwetsa mbewu.

Anayamba wapita ku esiteti ija kukafuna kapitawo. Anapeza zigafa zitagwa, matenanti atabalalika, ndipo kumapeto kwa munda kuja, kumene kunagona amayi ake onse awiri, wina anali ataunga kale mizere. Anaima pamenepo osadziwa kuti agwade pa mzere uti. Atabwerera, anagulitsa nkhuku zake zonse, anasiya ana kwa Veronika, mnzake wa kutchalitchi, nauyamba ulendo wokafuna mudzi ndi chithunzi cha m'mutu.

Pa lole ya matola yochoka ku Mponela kulowera ku Ntchisi, anthu anamufunsa kumene akupita, ndipo iye anawauza za mwala ndi mkuyu. Nkhaniyo inadzutsa mkangano. Bambo wina wogulitsa usipa analumbira kuti iye amakumbukira tsiku limene anamuletsa kuyamwa, akuti amayi ake anapaka tsabola pabere. Lole yonse inafa ndi phwete. Mayi wina anati, "Inu abambo, ngati mumakumbukira zimenezo, bwanji mwaiwala kusamba lero?" Pakona panali mnyamata wa tayi, mmodzi wa aphunzitsi atsopano amene analembedwa sukulu zitakhala zaulere, ndipo iye sanaseke.

"Mwana wa zaka ziwiri, zitatu, sasunga kanthu, mayi," anatero. "Zambiri zimene timati tikukumbukira za ubwana, anachita kutiuza akuluakulu. Ife timangozijambula tokha m'mutu."

Lenia anamutembenukira. "Ine anandiuza ndani, aphunzitsi? Amayi anga anafa ndisanadziwe kufunsa. Fungo la nkhuyu zowola munthu angachite kukuuza?"

Mphunzitsiyo anangoti pepani, n'kuyang'ana kumbali. Lenia anakhala akumutukwana mumtima mpaka kutsika, pakuti mnyamatayo, ndi tayi yakeyo, anafuna kumulanda chinthu chokhacho chimene Reinford analephera kutenga.

Amene sanayendeko kumapiri a ku Ntchisi sangamvetse kupusa kwa ulendo umenewu. Miyala yong'ambika kumeneko ili ngati mbuzi, paliponse. Mikuyu ili mu khwawa lililonse. Anthu ankamuonetsa mwala wopanda mtengo, kwina mtengo wopanda mwala. M'mudzi wina anamuyesa wa chipani, amayi n'kumuzungulira kufunsa ngati wabweretsa zitenje. M'mudzi wina anangomva kuti akufuna kwawo, nkhope zonse zinauma, chifukwa mlendo wofuna abale masiku amenewo anali mlendo wofuna munda. Ankagona m'makhitchini a anthu achifundo, m'mawa n'kuwapalira pabwalo kapena kuwatungira madzi, n'kupitiriza. Patapata wake mmodzi anaduka, anamumanga ndi luzi, anadukanso. Mapazi anatupa n'kung'ambika.

Sabata yachitatu, mantha anamugwira kwenikweni. Anaganiza zobwerera ku utenanti, koma pa esiteti amalemba mwamuna, salemba mkazi wa ana awiri aakazi. Anaona Tadala, wa zaka khumi ndi ziwiri, amene anali atangoyamba kumene kuwerenga, akukwatiwa ndi aliyense wokhala ndi denga. Anadziona yekha akufika pa esiteti ina dzinja lili pakati, akupempha ganyu, akutsokomola, anthu osagwira dzina lake. Madzi saiwala khwawa. Tsiku lina anakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira mokweza, dzuwa lili paliwombo, osasamala odutsa. Anakalipira amayi ake kuti bwanji sananene dzina la mudzi, mawu amodzi okha, asanatseke pakamwa.

Linali Lachitatu, kutatsala masiku atatu, pamene mayi wina pa chitsime anaimitsa ndowa pamutu n'kunena kuti, "Thanthwe la maenje? Si kuseri kwa phiri ilo? Agogo athu ankasinja pamenepo zigayo zisanabwere."

Lenia anakwera phirilo osapuma. Kenaka anayamba kutsika mbali inayo. Njira inakhota pamene iye ankadziwa kuti ikhota. Mwala uja unali pomwepo, waukulu ngati nyumba, wong'ambika pakati. Thanthwe linali pomwepo, maenje ake atadzaza fumbi ndi zitosi za mbuzi. Anagwada, nalowetsa dzanja m'dzenje limodzi, nati, "Amayi, ndafika." Kenaka anakweza maso. Mkuyu panalibe. Mu mng'alumo munali chitsa chakuda chofumbwa, udzu utamera pamwamba.

Chapafupi, pamthunzi wa mwalawo, panakhala bambo wokalamba wa ndevu zoyera akusema mpini. Anamuyang'ana kwa nthawi, kenaka anati, "Mayi, mwataya chiyani m'dzenjemo?"

Atapatsana moni, bamboyo anati dzina lake ndi Yeremiya, wobadwira m'mudzi wa m'munsimo. Lenia anakhala pansi n'kuwauza zonse, mawu akuthamangitsana. Za Reinford, za Loweruka, za mayi amene anachoka kumapiri kuno ndi mwana wa zaka zitatu. Ndiye anafika pa chithunzi chija: kutsika phiri, nkhuyu mbwee, kuterereka, chibwano pa thanthwe, utomoni woyera. A Yeremiya anasiya kusema.

"Mwati mkuyuwo munauona ndi maso anu?"

"Ngati mmene ndikukuonerani inuyo, bambo."

"Muli ndi zaka zingati?"

"Anandilembera makumi atatu ndi zitatu."

Mkuluyo anaika kasemasema pansi. "Mayi, mtengo umenewo unapsa ndi mphenzi chaka chimene tinkakana chitaganya. Ine ndinali ndisanakwatire. Mwana wanga woyamba ndi wamkulu kwa inu, ndipo iye mkuyuwo sanauone."

"Ayi bambo, mwina mwasokoneza zaka. Ine ndinagwa pomwepa. Apa."

A Yeremiya anakweza mutu, nagawa ndevu zawo ndi zala ziwiri. Pansi pa chibwano panali chipsera chakale, choyera, chachitali ngati chala cha mwana.

"Amene anagwa pamenepo ndine," anatero. "Ndinali ndi zaka zitatu. Ine mwini wakene sindikumbukirako kanthu, ndinkangomva akundiseka nazo. Anandibereka kumsana ndi mlongo wanga wamkulu, ali kamtsikana, ndipo anakwapulidwa tsiku limenelo mpaka anakagona kwa agogo. Nkhaniyo sankaimaliza kuinena. Tandiuzani, mayi, anakulerani ndani?"

"Amayi Anjelina."

"Wamfupi? Wa mano otalikirana kutsogoloku? Woti akakutukwana umakamva kuwawa mawa lake?"

Lenia anangogwedeza mutu kuvomera. Mkuluyo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Atapeza mawu anafunsa ngati mlongo wakeyo ali moyo, ndipo Lenia anawauza za kumapeto kwa munda kuja, ndi mizere imene wina waunga pamwamba pake.

Aliyense anali ndi maliro ake. Lenia anaona mmene zinakhalira, ngakhale sankakumbukira. Kamwana ka masiye kakulira m'chigafa, mayi wosabereka akusoka fodya, alibe nyimbo ina yokatonthoza nayo koma mudzi umene anauthawa. Anakauza za mkuyuwo lero, mawa, mkuja, kufikira kanasiya kulira. Katakula, mayiyo anatseka pakamwa, koma mtengowo unali utamera kale m'mutu mwa mwana. Lenia anatseka maso, kufufuza kuseri kwa mkuyuwo ngati kungakhale kanthu kena, kakang'ono, kakekake, kaya mawu, kaya nsalu, kaya dzanja la mayi amene anamubala. Munalibe kanthu. Zaka makumi atatu ankagona ndi msana wa amayi ake m'maso, ndipo sunali wawo. Anamva ngati awaika m'manda kachiwiri, ulendo uno popanda ngakhale mzere woimapo.

"Ndiye ine ndilibe kwathu," anatero, mawu atatsika. "Pepani bambo, ndakutayitsani nthawi." Anaimirira, natola patapata wake woduka uja.

"Takhalani pansi." A Yeremiya anapukuta maso ndi nsonga ya malaya. "Anjelina anachoka muno chifukwa cha ife. Banja lake loyamba linatha chifukwa chosabereka, akazi anzake n'kumamuimba m'nyimbo pa thanthwe lomweli. Atapeza mwamuna wodutsa wopita kumaesiteti, ine mlongo wake, amene ndinayenera kumuteteza, ndinamuuza kuti akapita asadzapondenso muno. Ndinali mwana, ndinkafuna kuoneka mwamuna. Anandimvera. Zaka makumi anayi ndi kuposa, anandimvera." Anamuyang'ana Lenia. "Anakubalani ndi iyeyo?"

Lenia anadziwa kuti mawu amodzi okha, inde, angamupatse munda. Panalibe wamoyo aliyense womutsutsa. Anaganiza za Tadala ndi Rejoice, ndipo mawuwo anafika pamlomo. Koma anali atatopa ndi kunyamula zinthu zosakhala zake.

"Sanandibale. Ananditola ndikulira pa maliro. Anandilera, basi."

"Basi?" Mkuluyo anatola mpini uja, nauzunguza m'manja. "Gawo la Anjelina lilipo. Ndi la miyala, kumtunda uko, ndipo adzukulu a alongo anga ena alidya kale mbali imodzi. Sakulandirani ndi nthungululu, ndikuuziretu. Kudzakhala mapokoso, mwina mpaka kubwalo. Ine ndakalamba, mawu anga sakulemera ngati kale." Anapuma. "Mwati kusudzulako n'liti?"

"Loweruka lino."

"Ndiye tinyamuke Lachisanu m'mamawa, miyendo yangayi siithamanga. Ndikaima kumeneko ndikanena kuti mlongo wanga anasiya mwana, ndipo ndabwera kudzamutenga. Pamenepo sindikhala nditanama."

"Nanga a m'mudzi muno akandifunsa, ndiwauza chiyani? Ine ndilibe umboni uliwonse."

"Iwe," anatero a Yeremiya, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho, "udzawauze za mkuyu, monga wandiuzira inemu. Amene anauona tatsala anayi m'mudzi muno, ndipo palibe mwa ife angaufotokoze ngati iwe. Tandiuzanso. Unati nkhuyu zinali bwanji?"

Lenia anawauzanso, kuyambira pamwamba pa phiri. Chithunzicho chinabwera chonse monga kale, osachepa ngakhale pang'ono, fungo lomwe lija, kukuwa komwe kuja. Ankalankhula misozi ikutsika, chifukwa tsopano ankamva mwini wake wa mawuwo, ndipo mkuluyo ankamvetsera dzanja lili pachibwano, kumva kwa mlendo za tsiku limene iye anagwa.

Lachisanu m'mamawa anauyamba. A Yeremiya anavala jekete la kutchalitchi ndi nsapato zimene zinkawaluma, ndodo m'manja, kathumba paphewa. Njira yokakwera matola inkadutsa pa thanthwe lija, ndipo mame anali asanaume.

"Uponde bwino apa," anatero mkuluyo. "Pamaterera."

Dzanja la Lenia linapita lokha pachibwano, monga linkachitira zaka zonsezo. Analipeza lili pamenepo, likufunafuna. Analitsitsa, nagwira mkono wa atsibweni ake, n'kuwadutsitsa pa thanthwepo pang'onopang'ono.